Kodi masamu angalongosole mmene mtima ndi BP zimagwirira ntchito?

Funso: Ndine mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya sekondale, ndipo bambo anga, omwe ali ndi zaka 68, akhala akumwa mankhwala a BP kwa zaka zingapo. Ndamva kuti kuli akatswiri omwe amalemba kayendedwe ka magazi m'thupi ngati masamu n'kumayesa pa kompyuta. Kodi zimenezi n'zoona, nanga amalemba chiyani kwenikweni? Ngati n'zoona, bwanji kuchipatala amangosinthasintha mankhwala a bambo anga, m'malo mowerengetsa kamodzi n'kudziwa owayenera?

Yankho: Aphunzitsi, zomwe mwamvazo n'zoona, ndipo ntchitoyi inayamba kalekale kompyuta isanabwere. Funso lanu lachiwiri nalo likuyankhidwa ndi masamu omwewo, chifukwa manambala awiri omwe makina oyezera BP amaonetsa ndi ochepa kwambiri powayerekeza ndi zinthu zosadziwika zomwe zili m'mafomula ake. Kuti mfundo imeneyi imveke, tiyenera kudutsa m'mafomulawo, ndipo poti ndinu mwini wake wa masamu, sindikubisirani manambala.

Mu 1628, dokotala wa ku England, William Harvey, anagwetsa chikhulupiriro chakale chakuti chiwindi chimapanga magazi atsopano nthawi zonse ndipo thupi limawatha. Chida chake chachikulu chinali kuchulukitsa basi. Anatenga magazi ochepa omwe mtima ungatulutse pakugunda kumodzi, nawachulukitsa ndi kugunda konse kwa theka la ola, napeza kuti magazi odutsa mumtima panthawi imeneyo ndi ambiri kuposa onse omwe ali m'thupi, kutanthauza kuti ndi magazi omwewo akungozungulira. Tikagwiritsa ntchito manambala a masiku ano, mtima wa munthu wamkulu wopuma umatulutsa mamililita pafupifupi 70 pakugunda kumodzi, ndipo ukagunda ka 72 pa mphindi, umakhala utapopa malita 5, omwenso ndi pafupifupi magazi onse a m'thupi mwake. Patapita zaka zoposa 100, mu 1733, m'busa wina wa ku England komweko, Stephen Hales, anafalitsa zomwe anapeza atalumikiza chubu chagalasi ku mtsempha wa hatchi: magazi anakwera mamita pafupifupi 2.5, n'kumakwera ndi kutsika pang'ono pakugunda kulikonse. Uko ndiko kunali kuyeza BP koyamba.

Fomula yomwe zina zonse zimayambirapo ndi yaifupi: P = Q × R. Apa P ndi BP yapakati, Q ndi magazi omwe mtima umapopa pa mphindi, ndipo R ndi kuthina kwa njira zomwe magaziwo amadutsamo. BP yapakati timaipeza potenga nambala yam'munsi n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo atatu a kusiyana kwa manambala awiriwo, kotero kuti 120/80 imapereka 93. Tikagawa 93 ndi malita 5, R imakhala pafupifupi 18.6. Mphamvu ya R imaonekera bwino mu lamulo la Jean Poiseuille, dokotala wa ku France yemwe m'zaka za m'ma 1840 anayeza kayendedwe ka madzi m'timachubu tagalasi, napeza kuti kuthinako kumasintha motsatira kukula kwa chubu kochulukitsidwa kokhakokha kanayi. Chubu chikachepa ndi theka, R imakula ka 16. Ngakhale chitachepa ndi 10 peresenti yokha, 0.9 yochulukitsidwa kanayi imapereka 0.656, ndiye kuti R yakwera ndi theka lathunthu. Magazi si madzi, ndipo mitsempha si galasi, koma phunziro lake silisintha: timitsempha ting'onoting'ono tokhala ndi minofu m'makoma mwake ndi tomwe tili ndi chiwongolero cha BP, ndipo kufinyika kwake kosaoneka ndi maso n'kokwanira kumukwezera munthu BP. Mankhwala monga amlodipine ndi nifedipine amagwira ntchito pomasula timitsempha timeneti.

Fomula imeneyi ili ndi vuto lakuti imatenga magazi ngati akuyenda mosalekeza, pamene mtima umapopa n'kupuma. Nanga n'chifukwa chiyani BP siigwa kufika pa 0 mtima ukamapuma? Hales anali ataona kale kuti mitsempha ikuluikulu imatamuka n'kusunga magazi, monga mmene chipinda cha mpweya chinkachitira m'mapampu ozimitsira moto a nthawi imeneyo, ndipo mu 1899 Otto Frank wa ku Germany analemba ganizoli m'masamu. Chifaniziro chakecho chimatchedwa Windkessel, ndipo chili ndi zinthu ziwiri zokha, R ija ndi C, yomwe ndi kutamuka kwa mitsempha ikuluikulu monga aorta. Chimalembedwa chonchi: C × dP/dt = Q − P/R, pomwe dP/dt ndi liwiro lomwe P ikusinthira pamene nthawi t ikupita. Panthawi yomwe mtima ukupuma, Q ndi 0, ndipo yankho lake mumalidziwa bwino, P imatsika motsatira e^(−t/RC). Mwa munthu wathanzi, R × C ndi pafupifupi masekondi 2, pamene mtima umapuma kwa theka la sekondi lokha, choncho BP imatsika kuchoka pafupifupi 100, pomwe imakhala valavu ya aorta ikamatseka, kufika pa 100 × 0.78, yomwe ndi 78. Imeneyo ndi nambala yam'munsi ija, ndipo yatuluka m'fomula ya mzere umodzi.

Apa ndi pomwe chifanizirochi chikukhudza anthu a msinkhu wa bambo anu. Mongoyerekeza, kusiyana kwa nambala yam'mwamba ndi yam'munsi kumafanana ndi magazi a kugunda kumodzi ogawidwa ndi C. Mamililita 70 ogawidwa ndi C ya 1.75 amapereka 40, monga mu 120/80. Munthu akamakula, makoma a aorta amauma, ndipo C ikatsika ndi theka, kusiyanako kumafika 80, n'kupezeka kuti munthuyo ali ndi 150/70. Mukawerengetsa BP yapakati ya 150/70 mupeza 97, yomwe ili pafupi kwambiri ndi 93. Ndiye kuti mtima ndi timitsempha ting'onoting'ono sizinasinthe kwenikweni, chasintha ndi kuuma kwa mtsempha waukulu. Achikulire ambiri BP yawo imakhala ya mtundu umenewu, yokwera m'mwamba mokha, ndipo ndi yoopsa ndithu pa nkhani ya sitiroko. Ndi yovutanso kuitsitsa, chifukwa mankhwala akatsitsa nambala yam'mwamba amatsitsanso yam'munsi yomwe inali yotsika kale.

Pambuyo pa Frank, ena anawonjezera zambiri. Nico Westerhof wa ku Netherlands ndi anzake anaikamo chinthu chachitatu kuti maonekedwe a kugunda afanane kwambiri ndi enieni. John Womersley mu 1955 analemba masamu a magazi oyenda modukizadukiza m'chubu. Palinso zifaniziro zomwe zimatsatira funde la kugunda pamene likuyenda m'mitsempha, pa liwiro la mamita 5 kapena 6 pa sekondi mwa achinyamata, ndi kupitirira mamita 10 mwa okalamba a mitsempha youma. Masiku ano kampani ya ku America ya HeartFlow imatenga zithunzi za CT za mitsempha yodyetsa mtima n'kuwerengetsa pa kompyuta ngati kuthina kwa pamalo ena kukuchepetsadi magazi, ndipo boma la America linavomereza njirayi mu 2014. Zonsezi ndi zokhudza mapaipi. Gawo lomwe likukhudza funso lanu kwambiri ndi la mmene thupi limadziwongolera lokha.

Munthu akadzuka pamkeka n'kuimirira, magazi okwana theka la lita kapena kuposerapo amatsikira m'miyendo ndi m'mimba, obwerera kumtima amachepa, ndipo Q imagwa. Akanakomoka nthawi iliyonse pakanapanda tiziwalo tomva kutamuka, totchedwa baroreceptor, tomwe tili m'makoma a mitsempha ya m'khosi ya carotid ndi pa aorta. BP ikatsika, timachepetsa mauthenga opita ku ubongo, ubongo n'kufulumizitsa mtima ndi kufinya timitsempha. Kwa katswiri wa masamu, chofunika apa ndi kuchedwa kwa uthenga. Mtima umasintha liwiro pakugunda kumodzi kapena kuwiri, koma kufinyika kwa timitsempha kumatenga masekondi angapo, ndipo chiwongolero chilichonse chomwe chimayankha mochedwa chimapitirira muyeso, kenako n'kubwerera mopitiriranso. Mu 1876, Siegmund Mayer anaona kuti BP imakwera ndi kutsika mwapang'onopang'ono mosatsatira kupuma, ndipo mwa anthu mafunde amenewa amabwera pafupifupi masekondi 10 aliwonse. Mu 1987, De Boer, Karemaker ndi Strackee a ku Amsterdam anaonetsa kuti chifaniziro chaching'ono chokhala ndi kuchedwa kumeneku chimatulutsa chokha mafunde a masekondi 10, popanda kuwaikamo mwadala. Kwa ine, phindu lenileni la chifaniziro ndi limeneli: kutulutsa chinthu chomwe wolemba sanaikemo.

Zikadakhala zomveka kuganiza kuti matenda a BP ndi kuwonongeka kwa chiwongolero chimenechi, koma zoyesa zinaonetsa zina. Mu 1973, Allen Cowley, Jean-François Liard ndi Arthur Guyton anadula mitsempha yotenga mauthenga a baroreceptor mwa agalu, n'kumawayeza BP usana ndi usiku. BP ya agaluwo inkalumphalumpha kwambiri, kukwera galu akadzidzimuka, kugwa akagona, koma avereji ya maola 24 inasintha pang'ono chabe. Zinadziwikanso kuti BP ikakhala yokwera kwa tsiku limodzi kapena awiri, tiziwalo timeneti timazolowera n'kuyamba kuteteza muyeso watsopanowo. Choncho timasamalira za masekondi ndi mphindi, ndipo pali china chomwe chimasunga muyeso wa masabata ndi zaka.

Guyton, yemwe ankagwira ntchito ku yunivesite ya Mississippi mumzinda wa Jackson, ananena kuti chinthucho ndi impso. Mu 1972, iye ndi Thomas Coleman komanso Harris Granger anafalitsa chifaniziro chachikulu cha mafomula mazana angapo, cholumikiza mtima, mitsempha, ubongo, impso, mahomoni, ludzu ndi mchere. Pakatikati pake panali mfundo imodzi. Impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse omwe mtima umapopa, zimasefa malita 180 patsiku n'kubweza pafupifupi onse, ndipo BP ikakwera zimatulutsa mchere ndi madzi ambiri mumkodzo, ikatsika zimasunga. Popeza mchere wolowa m'thupi uyenera kufanana ndi wotuluka pakapita masiku, apo ayi munthu angatupe kapena kuuma mpaka kufa, BP imakakhazikika pamuyeso womwe impso zimatha kutulutsa mchere wonse womwe munthu wadya. Taganizirani dilamu lomwe madzi akuthiridwamo mosalekeza, lokhala ndi bowo m'mbali. Mungalipendeketse kapena kuligwedeza, madzi adzabwerera pa msinkhu wa bowolo, ndipo kuti msinkhuwo usinthe kotheratu, bowo liyenera kusuntha kapena kuchepa. M'masamu, kusiyana kwa mchere wolowa ndi wotuluka kumasonkhanitsidwa tsiku ndi tsiku ngati integral, ndipo chiwongolero chotere sichileka kugwira ntchito mpaka kusiyanako kutafika pa 0.

Mfundoyi ili ndi umboni wolemera kumbuyo kwake. Mu 1934, Harry Goldblatt anafinya pang'ono mtsempha wopita ku impso ya galu, galuyo n'kudwala BP yosatsika. M'zaka za m'ma 1970, ofufuza anasamutsa impso za makoswe obadwa ndi BP yokwera n'kuziika mwa makoswe abwinobwino, ndipo matendawo anatsatira impsozo. Chifanizirochi chimalongosolanso bwino mankhwala omwe timawadziwa. HCTZ amathandiza impso kutulutsa mchere pa BP yotsikirapo. Enalapril amaletsa kupangidwa kwa angiotensin II, homoni yomwe imafinya mitsempha n'kuuzanso impso kuti zisunge mchere. Mankhwala opha ululu monga bulufeni ndi diclofenac amachita zosemphana ndi zimenezi, ndipo achikulire ambiri amawamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha mawondo ndi msana osadziwa kuti akulimbana ndi mankhwala awo a BP.

Komabe chifaniziro cha Guyton si chomaliza, ndipo mkangano wake udakalipo. Thomas Lohmeier, wa ku Mississippi komweko, anaonetsa kuti kugwedeza ndi magetsi ma baroreceptor a agalu kumatsitsa BP kwa masiku ambiri, zomwe zikusonyeza kuti ubongo uli ndi gawo ngakhale pa nthawi yaitali, makamaka kudzera m'mauthenga omwe umatumiza ku impso. Akatswiri ena amati mgwirizano wa BP ndi mchere wa mumkodzo unalembedwa m'chifanizirocho kuyambira pachiyambi, choncho n'zosadabwitsa kuti kompyuta imabweza zomwe inauzidwa. Enanso amati anthu ambiri akadya mchere wochuluka, madzi amachulukadi m'thupi koma mitsempha yawo imamasuka, BP osakwera, ndipo omwe mchere umawakwezera BP ndi omwe mitsempha yawo imalephera kumasuka. Ine ndimaona kuti kutsutsa kumeneku n'koyenera, ndipo kunatheka chifukwa Guyton analemba maganizo ake m'mafomula omwe aliyense angawayese. Maganizo olembedwa m'mawu okha ndi ovuta kuwagwira pomwe alakwa.

Tsopano tifike pa bambo anu. Tiyerekeze kuti makina awonetsa 160/100, yomwe BP yake yapakati ndi 120. Munthu wina angafike pa 120 ali ndi Q ya malita 5 ndi R ya 24, wina ali ndi Q ya malita 6.5 ndi R ya 18.5. Woyambayo vuto lake ndi mitsempha yofinyika, wachiwiriyo ndi mtima wopopa kwambiri kapena madzi ochuluka m'thupi, koma pa makina onse akuoneka chimodzimodzi. Ndi fomula imodzi yokhala ndi zosadziwika ziwiri, ndipo mumawauza ana anu a sukulu kuti yotereyi ilibe yankho limodzi. Mukawonjezera C, mphamvu ya baroreceptor, renin (yomwe impso zimatulutsa poyambitsa kupangidwa kwa angiotensin II), aldosterone (homoni ina yosungitsa mchere), thanzi la impso ndi mchere womwe munthu amadya, zosadziwika zimafika makumi ambiri, ndipo m'zifaniziro zikuluzikulu monga HumMod, yomwe inachokera ku ntchito ya Guyton, zimafika masauzande. Manambala ambiri a m'zifanizirozi anatengedwa kwa nyama ndi kwa magulu ochepa a anthu, makamaka a ku America ndi ku Ulaya, choncho amalongosola munthu wongoyerekeza, osati bambo anu. Kuyeza zonsezo mwa wodwala mmodzi kungafune zida zodula, mwinanso kulowetsa timachubu m'mitsempha, zomwe ngakhale zipatala za mayiko olemera sizichitira munthu wongodwala BP wamba.

Zomwe adokotala amachita posintha mankhwala sizili kutali ndi masamu monga zikuonekera. Akapereka mankhwala omwe amakhudza R, n'kudikira, n'kuyezanso, amakhala akupeza chosadziwika chimodzi kudzera mu mmene thupi layankhira. Sayambira m'malere ayi, amatsogoleredwa ndi kafukufuku wa magulu a anthu. Zimadziwika kuti anthu akuda ambiri odwala BP amakhala ndi renin yochepa, choncho mankhwala ngati enalapril akakhala okha sawatsitsira BP kwambiri. Kafukufuku wa CREOLE, yemwe anachitika m'mayiko 6 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa, n'kufalitsidwa mu 2019, anapeza kuti kuphatikiza amlodipine ndi HCTZ kapena ndi perindopril (wa gulu limodzi ndi enalapril) kunatsitsa BP kuposa kuphatikiza perindopril ndi HCTZ. Kufunika kwa mankhwala awiri kapena atatu nako kumamveka bwino m'chifaniziro: mukamasula mitsempha, baroreceptor imafulumizitsa mtima ndipo impso zimasunga mchere, mukatulutsa mchere, renin imakwera, kotero mankhwala achiwiri amabwera kudzatseka njira yomwe thupi likubwezera. Kuwonjezeredwa mankhwala si chizindikiro chakuti oyambawo anali olakwika. Nkhaniyi ndi yaikulu kwathu kuno, poti kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti m'Malawi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Makina a batire omwe amawamanga pamkono aja nawonso ali ndi masamu mkati mwake. Samva kugunda monga amachitira namwino ndi stethoscope. Amayeza kunjenjemera kwa mpweya m'chomangiracho pamene chikuphwa, ndipo pomwe kunjenjemerako kwakula kwambiri ndi pa BP yapakati. Manambala awiri omwe mumawaona amawerengetsedwa kuchokera pamenepo ndi fomula ya kampani yopanga makinawo, n'chifukwa chake amatha kuphonya mwa anthu a mitsempha youma kwambiri, a mtima wogunda mosalongosoka, ndi amayi oyembekezera. Kakhalidwe ka mkono nako n'kofunika. Mukachulukitsa kulemera kwa magazi, makilogalamu 1060 pa kiyubiki mita, ndi 9.81 komanso ndi mamita 0.1, mupeza mapasikali 1040, omwe ndi pafupifupi 8 mmHg (mmHg ndi muyeso womwe manambala a BP amalembedwamo). Mkono ukalendewera masentimita 10 pansi pa mtima, BP imaoneka yokwera ndi 8 popanda chilichonse chosintha m'thupi.

Chomwe mungachite inuyo ndi kuwonjezera manambala odalirika omwe adokotala akugwiritsa ntchito. Ngati muli ndi makina kunyumba, bambo akhale pampando kwa mphindi 5 asanayezedwe, msana utatsamira, mkono uli patebulo pa msinkhu wa mtima, chomangira chikhale chokwana bwino mkono wawo. Muziwayeza kawiri m'mawa asanamwe mankhwala ndi kawiri madzulo kwa sabata imodzi, n'kulemba zonse pamodzi ndi kugunda kwa mtima, kenako mutenge avereji n'kupita nayo kuchipatala limodzi ndi buku lawo. Ngati amamva chizungulire akadzuka, ayezedwenso ataimirira, chifukwa kutsika kwa 20 m'mwamba kapena 10 m'munsi mkati mwa mphindi 3 kungasonyeze kuti baroreceptor ikuchedwa kapena mankhwala achuluka. Mankhwala atsopano apatsidwe masabata pafupifupi 4 asanaweruzidwe, popeza mbali ya impso ija imayenda pang'onopang'ono, ndipo asasiye kumwa chifukwa chakuti BP yatsika. Muwauze adokotala za mankhwala aliwonse opha ululu kapena azitsamba omwe bambo akumwa, ndipo mufunse ngati impso zawo zingayezedwe kudzera m'magazi ndi mkodzo. Bungwe la WHO limalangiza mchere wosapitirira magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi tiyisupuni imodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma, buledi, soda ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. BP ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kupindika kwa kamwa kapena kufooka kwa mbali imodzi ya thupi, musadikire kuyezanso mawa, apite kuchipatala nthawi yomweyo.